Mbiri ya Madokotala Athu Ikudyedwa ndi Chiswe, Ife Tili Phee!

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndabwera ndi mlandu. Oimbidwa mlanduwo ndife tomwe, anthu ophunzira a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Timaphunzitsa ana mbiri ya zachipatala ngati kuti inachitikira kwina, pamene mapepala amene akanatitsutsa tawasiya kuti adyedwe ndi chiswe, ndipo ena ali kunja kwa dziko lino popanda wowalondola.

Tamufunseni mwana wa Folomu 4 kuti maphunziro a udokotala anayamba liti m'Malawi muno. Wochenjera akuyankhani kuti 1991, chaka chimene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre. Sananame mwanayo, koma yankho lake ndi loperewera kwambiri. Dziko lino linalandira ufulu mu 1964, ndiye kuti linakhala zaka 27 lopanda sukulu yakeyake ya madokotala. Nanga m'zaka zimenezo, ndi zina zambirimbiri za m'mbuyo mwake, ankatsuka zilonda za agogo athu ndani? Ankabaya jakisoni pa Dowa boma ndani? Ankachiritsa amayi ku Malomo ndani? Anthu amenewa sanagwe kumwamba. Alipo amene anawaphunzitsa, analemba mayeso, ndipo penapake panali kaundula wa maina awo.

Zina mwa izi zimadziwika bwino. Ku mishoni ya Blantyre, Dr Neil Macvicar anafika mu 1896 n'kuyamba kuphunzitsa anyamata achikuda ntchito yachipatala mwadongosolo, ndi mayeso omwe. Mmodzi mwa iwo anali John Gray Kufa, yemwe uja anaphedwa ndi boma la atsamunda mu 1915 chifukwa cha kuukira kwa John Chilembwe. M'kalasi timamutchula ngati mnzake wa Chilembwe basi, osanenako kuti anali mmodzi mwa anthu oyamba m'dziko muno kuphunzira zachipatala. Ku Khondowe, sukulu ya Overtoun imene Dr Robert Laws anayambitsa mu 1894 inaphunzitsanso othandiza madokotala. Daniel Sharpe Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry Medical College, mu mzinda wa Nashville ku America, mu 1917. Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937, n'kukawonjezera mapepala ena ku Scotland mu 1941. Ku Lilongwe anayamba kuphunzitsa ma clinical officer mu 1976, ndipo Kamuzu College of Nursing inatsegulidwa mu 1979. Ndiye 1991 ija ili kumapeto kwenikweni kwa msewu wautali.

Tsono tibwere kwathu kuno. Mishoni ya Mvera inayamba mu 1889, pamene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anapatsidwa malo m'dziko la Inkosi Chiwere. Kongwe inatsatira mu 1894, ndipo dzina la woyambitsa wake, Robert Blake, likadali pa sukulu imene ambiri a inu munaphunzirako. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pa Mvera panali kale dokotala, Dr W.A. Murray, chipatala cha Nkhoma chisanatsegulidwe mu 1915. Taganizani bwino. Dokotala mmodzi, wongophunzira kumene chilankhulo, odwala ali mbwee kuchokera ku chigwa cha nyanja mpaka ku mapiri a Ntchisi. Kodi ankagwira yekha? Ayi ndithu. Panali womasulira zimene wodwala akunena, panali wowiritsa zipangizo, panali womanga mabandeji, panali mayi wokhala ndi azimayi apakati usiku wonse. Ndipo dokotala akapita ku tchuthi kwawo, chipatala chinkatsala m'manja mwa anthu amenewa. Kuphunzira kwawo ndiko chiyambi cha maphunziro a zachipatala m'dera lino. Ndani mwa ife, aphunzitsi a History, angaime pa bolodi n'kulemba maina asanu a anthu amenewa?

Palinso nkhani ya phiri la Kaso, limene ambiri timalidziwa chifukwa cha ntchito yomasulira Buku Lopatulika. Matenda a kaodzera atabuka m'chigwa cha kumunsi kwa mapiri athuwa, bungwe la Royal Society la ku London linatumiza gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Sir David Bruce, ndipo kuyambira 1912 mpaka 1914 anamanga msasa wawo pa phiri limeneli, limene iwo ankalemba kuti Kasu. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'magazini ya bungwe lawolo ndipo zinawerengedwa m'sukulu za madokotala m'maiko ambiri. Dzina la Mvera lili m'mapepala amenewo, chifukwa tizilombo tina anatipeza m'magazi a ng'ombe za pa Mvera. Tizilombo tina anatipatsa maina a odwala amene anatengedwa magazi. Ndiye kuti magazi a anthu a kuno ndi ng'ombe za kuno zinaphunzitsa madokotala a ku Ulaya. Koma amene ankagwira akashembe m'tchire, kusamala nyama zoyeserapo, kutsuka timagalasi ndi kunyamula katundu kukwera phiri, anali anthu a m'midzi yathu yomweyi. Mwana wa pa Mvera amadutsa pafupi ndi phirili tsiku ndi tsiku, ali ndi buku la Biology m'chikwama, osadziwa kuti sayansi imene akuloweza pamtimayo mbali ina inapangidwira kuseri kwa nyumba ya agogo ake. Tamulakwira mwana ameneyu.

Kodi mapepala a nkhani zonsezi ali kuti? Ena ali ku National Archives ku Zomba, imene inayamba mu 1947. Koma ambiri ali m'nkhokwe za mayunivesite ndi mipingo ya kunja. Makalata ndi malipoti a amishoni a Mvera, Kongwe ndi Nkhoma ali ku Stellenbosch ku South Africa, m'nkhokwe ya mpingo wa Dutch Reformed imene ili pa malo a sukulu ya zaubusa ya yunivesite ya kumeneko. Za a Livingstonia ndi Blantyre zambiri zili ku Edinburgh, ku yunivesite ndi ku National Library of Scotland. Mulu wa mapepala okhudza Kamuzu uli ku Indiana University ku America. Ngakhale mbiri ya College of Medicine yeniyeniyo ili yomwazika, chifukwa ophunzira oyamba anayambira maphunziro awo ku St Andrews ndi ku London, ena ku Adelaide ndi ku Cape Town, ndipo oyambirirawo anangobwera kudzamaliza kuno n'kulandira madigiri mu 1992. Wofuna kudziwa bwino zimene Prof John Chiphangwi ndi Prof Geoffrey Dahlenburg anakumana nazo poyambitsa sukuluyi ayenera kusonkhanitsa makalata a m'maiko angapo.

Ena mwina simudziwa kuti nkhokwe ya yunivesite imasunga chiyani. Si laibulale ayi. Mu laibulale muli mabuku osindikizidwa, amene likatayika limodzi mukhoza kugula lina. M'nkhokwe muli zinthu zimene zilipo chimodzi chokha padziko lonse: kaundula wa olembetsa sukulu, wosonyeza dzina, kwawo ndi chaka, mapepala a mayeso ndi malikisi, maminitsi a misonkhano imene inagamula kuti chiphunzitsidwe ndi chiyani ndipo aloledwe kulowa ndani, makalata opempha ndalama, zithunzi za makalasi. Pamakhala mndandanda wa mabokosi ndi mafayilo, ndipo wofufuza amayamba wawerenga mndandandawo, kenako n'kuitanitsa bokosi limene akufuna. Amene ali kutali amalemba kalata, kutchula dzina ndi zaka, ndipo nthawi zambiri amamujambulira mapepalawo pa mtengo wina wake. Mafayilo a anthu amene akadali moyo ndi a odwala amakhala otsekedwa, ndipo n'koyenera kutero. Palibe zamatsenga pamenepa. Ndi ntchito yofuna kudekha basi, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndipo anthu amene anadekha atiphunzitsa zambiri. Martin Pauw analemba mbiri ya Sinodi ya Nkhoma kuyambira 1889 mpaka 1962, n'kuimaliza ku Stellenbosch mu 1980. Megan Vaughan anatulutsa Curing Their Ills mu 1991. Michael ndi Elspeth King analemba mbiri ya zachipatala ndi matenda m'Malawi mu 1992. Markku Hokkanen wa ku Finland analemba za amishoni a ku Scotland ndi zachipatala kumpoto mu 2007. Claire Wendland analemba za ophunzira a College of Medicine mu 2010. Mwa athu, Dr John Lwanda walemba kwambiri za momwe madokotala a dziko lino anapangidwira. Ndikuwathokoza onsewa, ndipo sindili m'gulu la amene amanyoza mlendo chifukwa chogwira ntchito imene eni ake anaisiya. Koma tawerenganinso mainawo. Angati akuchokera ku Dowa kapena ku Ntchisi? Munthu anachoka ku Finland kudzawerenga za Livingstonia, ife a pa Mponela tikulephera kukwera basi ya ku Zomba.

Ndikudziwa zimene ena munene, chifukwa ndazimva kangapo mu staff room.

Oyamba amati: aphunzitsi, m'zipatala mulibe mankhwala, inu mukulira mapepala akale? Funso labwino, ndipo wodwala malungo sangachire ndi fayilo. Koma taonani kuti mafunso amene timakangana lero ndi akalekale. Kodi tiphunzitse madokotala ochepa kwa zaka zambiri, kapena ma clinical officer ambiri kwa zaka zochepa? Titani kuti wophunzira akamaliza avomere kukagwira ntchito kumudzi osathawira m'tauni kapena kunja? Kodi zipatala za mishoni ndi za boma zigawane bwanji ntchito? Amishoni, atsamunda ndi boma la Kamuzu onse analimbana ndi mafunso amenewa, anayesa njira zosiyanasiyana, ndipo analemba zimene zinatheka ndi zimene zinakanika. Amene sawerenga zimenezo amalipira kawiri phunziro limene makolo ake analipira kale. Komanso mtengo wa chipinda chouma, mashelefu, mabokosi ndi munthu mmodzi wodziwa ntchito sungafike pa mtengo wa galimoto imodzi mwa zija zimaima panja pa misonkhano ya kunyanja. Tisanamizire umphawi pa chinthu chimene ndi kusalabadira.

Achiwiri, makamaka inu achinyamata, mumati zonse zili pa intaneti. Zili pa intaneti ndi zimene munthu wina anakhala pansi n'kuzijambula. Mapepala a Sir David Bruce mukhoza kuwapeza, chifukwa eni ake anawasamala. Kaundula wa azamba amene anaphunzira pa chipatala cha mishoni zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo simumupeza, ngakhale mutagula bandulo ya mwezi wathunthu. Ngati akadalipo, ali mu kabati yachitsulo m'chipinda chodontha, pansi pa matayala akutha ndi mabedi othyoka. Tonse tinagulapo mandasi kapena chiwaya chokulungidwa m'pepala lodindidwa sitampu ya ofesi. Pepala limenelo linachoka mu fayilo ina yake, ndipo silidzabwereranso.

Achitatu ndi amene ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa mfundo yawo ili ndi mano. Amati mapepala amenewa analemba ndi azungu, polembera azungu anzawo kuti atumize ndalama, ndiye mwadzaza kudzitama ndi kunyoza asing'anga ndi azamba a m'midzi. Zoona zimenezo. Mmishonale ankalemba dzina lake lonse ndi madigiri omwe, koma womuthandiza ankangomutchula dzina limodzi, mwinanso kungoti mnyamata wanga, ngakhale ali bambo wa ana asanu. Koma tikakwiya n'kukana kuwerenga, wapindula ndani? Dzina limodzi lija, likaphatikizidwa ndi chaka ndi mudzi, ndi poyambira. Mulitenge, mupite nalo kwa a mfumu, kwa akulu a mpingo, ku kaundula wa ubatizo, kwa agogo a m'mudzimo. Munthu wa ku Finland sangadziwe kuti dzina lakuti ndi la banja liti ku Chinthembwe kapena ku Kayoyo. Inu mukhoza kudziwa pofika madzulo. Pepala la mzungu lili ndi theka la nkhani, theka linalo lili m'mitu ya anthu athu, ndipo amene angalumikize ziwirizi ndife.

Apa ndiye pali changu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma damboli likuuma. Ma medical assistant ndi anamwino amene anaphunzira nthawi ya Federation kapena ufulu utangobwera, amene akadali moyo ndi okalamba zedi. Maliro aliwonse a mmodzi wa iwo, sutikesi yake imagawidwa, satifiketi ndi makope ake a notsi n'kupita kokolezera moto. Tikamachedwa chaka chimodzi, pali maina amene atayika mpaka muyaya.

Ndipo moto si fanizo chabe m'dziko muno. Mu 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anapita nawo. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, kuphatikizapo zolemba za Malawi zovuta kuzipezanso. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Aliyense amene anasamukapo nyumba akudziwa kuti katundu amasowa pa tsiku losamuka. Nthawi imene maina a sukulu akusintha, maofesi akusuntha, akuluakulu akupuma pa ntchito, ndi nthawi imene mafayilo akale amaoneka ngati zinyalala. Ndiye ndikufunsa mayunivesite athu onse, a boma ndi a mipingo omwe: mndandanda wa zolemba zanu zakale uli pati, woti mphunzitsi wa ku Ntchisi awerenge asanawononge ndalama ya basi? Ndani amene ntchito yake ndi kusunga zimenezi? Yunivesite imene imafuna kuti wophunzira aonetse gwero la mfundo iliyonse iyenera kukhala yoyamba kusunga magwero a mbiri yake.

Sindikufuna kungolalata. Nazi zimene tingachite, aliyense pa msinkhu wake.

Ife aphunzitsi tili ndi ma History club amene nthawi zambiri amangokhala a mafunso ndi mayankho okonzekera mayeso. Tiyeni teremu imodzi tiwatume ana awiriawiri kwa namwino, mzamba, medical assistant kapena mlangizi wa zaumoyo wopuma pa ntchito wa m'dera lawo. Akapemphe chilolezo mwaulemu, akafunse kuti anaphunzira kuti, chaka chanji, anawaphunzitsa ndani, ankaphunzira m'chilankhulo chanji, mayeso anali otani, malipiro oyamba anali angati. Akajambule satifiketi ndi zithunzi pa foni, zenizenizo n'kuzisiya kwa eni ake. Za odwala asakhudze, chimenecho ndi chinsinsi cha anthu. Azamba a m'midzi ndi asing'anga asawadumphe, chifukwa nawonso anali ndi njira yawo yophunzitsirana, ndipo ndiwo amene mapepala a amishoni anawapondereza kwambiri. Zolembazo zikhale zitatu: china pa sukulu, china kwa banjalo, china chipite ku Zomba. Mwana amene wachita zimenezi waphunzira History yoposa ya m'manotsi athu, waphunziranso kulemba ndi kumvetsera.

Inu ana anga amene muli ku University of Malawi, ku Mzuni, ku Nkhoma University ndi ku sukulu za zaumoyo, ikafika nthawi yosankha mutu wa kafukufuku, musathamangire mitu imene anzanu zana limodzi analemba kale. Chipatala cha Mvera, cha Madisi, cha Mtengowanthenga, cha Ntchisi boma, chilichonse ndi mutu pachokha. Magazini akale a Mthenga ndi Kuunika analembedwa m'Chichewa chathu chomwechi, simufunika womasulira. Koma makalata ambiri a amishoni a ku Mvera ali m'Chidatchi ndi Chiafrikaans, ndiye pakufunika mmodzi kapena awiri olimba mtima oti aphunzire kuwerenga zilankhulo zimenezi. Amene adzatero adzakhala ndi munda wakewake kwa moyo wake wonse.

Inu amene muli ku Cape Town, ku Johannesburg, ku Scotland ndi ku America, mumatitumizira zithunzi mutaima pa chipale chofewa ndi m'mphepete mwa nyanja. Zikomo, timasangalala nazo. Koma Stellenbosch ili pafupi ndi Cape Town, ulendo wosakwana maola awiri. Patulani tsiku limodzi, lembani kalata yopempha, kalowemoni, kajambuleni masamba makumi awiri okha onena za chipatala cha Mvera, mutitumizire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ameneyu ali pamphuno panu.

Kwa akuluakulu a mayunivesite ndi a masinodi, pempho langa ndi loti mukambirane ndi anzanu a ku Stellenbosch ndi Edinburgh kuti zithunzi za mapepala onena za ife zibwere kuno. Sitikunena zolanda mabokosi awo, amene kunena zoona awasamala kuposa momwe ife tasamalira athu. Tikufuna makope, oti mwana wa ku Dowa awerenge popanda pasipoti. Njira zilipo: British Library ili ndi thumba lothandiza kupulumutsa zolemba zimene zili pangozi, ndipo linathandizapo kale National Archives kujambula mapepala akale a maofesi a mafumu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma ufulu wowerenga fayilo imene chiswe chinadya kale ndi ufulu wa dzina lokha.

Mwina wina afunsabe kuti zonsezi phindu lake n'chiyani kwa mwana amene akulimbana ndi MSCE. Phindu lake ndi ili. Ana athu ambiri amakula akuganiza kuti udokotala ndi wa ana a ku Area 10 ndi ku Namiwawa, kuti munthu wa ku Dowa ntchito yake ndi fodya ndi mtedza. Tikamawauza kuti limbikirani, amamva ngati nyimbo ya pa assembly. Koma mukamuonetsa mtsikana wa Folomu 2 chithunzi cha mayi wa m'mudzi mwake atavala yunifolomu ya unamwino agogo ake asanakwatiwe, ndi satifiketi yake pambali, simufunikanso kulalikira. Amaona yekha kuti njirayi anthu a kwawo anaipondapo kale, pamene kunalibe magetsi kapena msewu wa tala.

Anthu amenewa anagwira ntchito ndi nyali ya palafini, kutsuka mafinya a anthu osawadziwa, pa malipiro ochepa, maina awo osalembedwa pa khoma lililonse. Ngongole yathu kwa iwo ndi yaing'ono: kuwafufuza ndi kuwalemba. Teremu ikubwerayi, sukulu iliyonse ya sekondale ya m'Dowa ndi m'Ntchisi ibweretse maina asanu okha, ndi chaka ndi malo amene anaphunzirira. Tikasonkhanitsa, tidzakhala ndi chiyambi cha buku limene palibe wa kunja angatilembere.

Amene mwakwiya nane, kwiyani, koma kafunseni agogo aja asanatisiye.

Ndatha ine wanu, mphunzitsi wa choko.